Khutu la galu wanga lanunkhanso kachitatu, ndithiremo chiyani?

Funso lachokera kwa bambo ena a ku Machinjiri. Akuti: "Ndili ndi galu wamphongo wa zaka 3, wosakanizika ndi mtundu wa German Shepherd, dzina lake Bruno. Chiyambire mvula akumachezera kukanda khutu lakumanja, akupukusa mutu, ndipo m'khutumo mukutuluka zakuda zonunkha. Aka n'kachitatu. Maulendo awiri oyambawo ndinagula mankhwala odontheza m'khutu ku famase, anakhalako bwino masiku ochepa kenako zinayambiranso. Mnzanga akuti ndithiremo oilo wakale wa galimoto wosakaniza ndi palafini. Dzulo ndaona kuti khutulo latupa ngati chitumbuwa. Ndichite chiyani?"

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanathire kanthu, paja safunsa anadya phula. Oiloyo ndi palafiniyo zisayandikire khutu la Bruno, ngakhale dontho limodzi. Mnzanuyo sakukufunirani zoipa, akunena zomwe anaona ena akuchita, koma ine kuchipatala cha ziweto ndimalandira agalu amene anathiridwa zimenezi ndipo ndimamva chisoni kwambiri. Wina anabwera naye mnyamata wa ku Ndirande atamunyamula m'manja. Khungu la m'khutu linali litasupuka lonse, lofiira ngati nyama ya pa butchala, galuyo akunjenjemera osafuna kuti dzanja la munthu lifike kumutu kwake. Titamugoneka ndi jakisoni n'kutsukamo, tinapeza kuti chomwe chinayambitsa zonsezo ndi kanjere ka udzu kamodzi kokha kamene kanalowa mpaka pansi. Kukachotsa inali ntchito ya mphindi ziwiri. Kupoletsa zilonda za palafini kunatitengera pafupifupi mwezi.

Kuti mumvetse chifukwa chake vutoli likungobwerera, muyambe mwadziwa mmene khutu la galu lilili mkati. La ife anthu njira yake ndi yaifupi ndipo imalowa molunjika. La galu njira imayamba yatsika pansi, kenako n'kukhota kulowera mkati mwa mutu, ngati chilembo cha L. Kutalika kwake kumakhala masentimita 5 mpaka 10, malinga ndi kukula kwa galuyo, ndipo kumapeto kwake kuli ng'oma ya khutu, kachikopa kopyapyala kwambiri kamene kamatchinga ziwalo zomvera ndi zothandiza galu kuyenda osadzandira. Chilichonse cholowa m'menemo, kaya madzi, phula, fumbi kapena njere, chimakakhala pokhota paja ndipo sichituluka chokha msanga. Mukasuzumira ndi tochi mumangoona khomo. Matenda enieni amakhala kuseri kwa ngodya.

Ndiye taganizirani malo otentha, amdima, achinyezi ngati amenewo mu Januwale kuno ku Blantyre, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, galu akugona pa thumba lonyowa. Pakhungu la galu aliyense, ngakhale wathanzi, pamakhala tizilombo tochepa tosavutitsa: fangasi wotchedwa Malassezia ndi mabakiteriya a mtundu wa Staphylococcus. Khutu likakhala louma ndi labwino timangokhala phee. Koma khungu la m'khutu likatupa pa chifukwa china, phula limachuluka, njira imachepa, mpweya sulowa, ndipo tizilombo timeneti timaswana mosaletseka. Fungo lomwe mukumvalo ndi lawo. Mankhwala a ku famase aja anapha gawo lina la tizilomboto, n'chifukwa chake Bruno anapumulako, koma chomwe chinatupitsa khungulo poyamba sichinakhudzidwe. Zili ngati kutchetcha kapinga m'dzinja: sabata ziwiri zokha wameranso, chifukwa mizu ili pansi.

Apa ndiye pagona nkhani yanu. Khutu likadwala kamodzi, mwina ndi madzi kapena njere. Likadwala kachitatu, funso lisakhalenso lakuti "ndithiremo chiyani" koma lakuti "chikuyambitsa n'chiyani".

Pa agalu amene makutu awo amadwala mobwerezabwereza, gwero lomwe timalipeza kawirikawiri ndi ziwengo, kutanthauza thupi kudana ndi chinthu china chomwe agalu ena sichiwavuta. Chikhoza kukhala mungu wa udzu ndi mitengo, nkhungu ya m'nyumba, tizilombo tosaoneka ta m'fumbi, kapena chakudya. Ziwengo za mtundu umenewu zimakonda kuyamba galu ali pakati pa miyezi 6 ndi zaka 3, ndiye msinkhu wa Bruno ukugwirizana nazo, komanso mtundu wa German Shepherd umadziwika nazo. Madzulo ano mugoneke chagada mumuone bwino. Yang'anani pakati pa zala za mapazi, m'khwapa, pamimba ndi m'mphechepeche. Ngati pali pofiira, ngati ubweya wa kumapazi wasanduka wa mtundu wa dzimbiri chifukwa chonyambita, ngati amakhuza nkhope pansi kapena pakhoma, ndiye kuti vuto si la khutu lokha. Khutu ndi khungu lomwelo, langopindikira mkati. Kumbukiraninso nthawi yomwe anadwala maulendo awiri aja. Ngati nthawi zonse ndi m'dzinja, tiganizira za udzu ndi nkhungu. Ngati sasankha nyengo, tiganiziranso chakudya.

Za chakudya ndinene pang'ono, chifukwa ambiri amafulumira kunena nsima. Kawirikawiri chomwe thupi la galu limadana nacho ndi chakudya chomanga thupi, makamaka nyama ya ng'ombe, mkaka, nkhuku, nthawi zina tirigu. Njira yodziwira ndi imodzi: kumudyetsa ndiwo ya mtundu umodzi yomwe sanayambe wadyapo, kwa masabata 8, osalawa china chilichonse. Pakhomo pathu pomwe ana amaponyera galu fupa la nkhuku ndipo mayi amakhuthulira zotsala m'mbale yake, zimenezi n'zovuta, ndikudziwa. Musayambe nokha, mukambirane kaye ndi dokotala wa ziweto ngati kuli koyenera.

Gwero lina ndi tinthata ta m'khutu, dzina lake Otodectes. Timeneti timakonda ana agalu ndi amphaka kuposa agalu akuluakulu, timayabwa koopsa, ndipo kawirikawiri timagwira makutu onse awiri. Zotuluka zake zimakhala zouma, zakuda, zoyoyoka ngati masamba a tiyi. Timapatsirana, choncho ngati ndi timeneti, ziweto zonse za pakhomo, mphaka yemwe, ziyenera kulandira mankhwala nthawi imodzi. Kuchokera pa dzira kufika pa kachilombo kokhwima zimatenga pafupifupi masabata 3, ndiye amene amathira mankhwala masiku 5 n'kusiya amangopha akuluakulu, mazira n'kudzaswa pambuyo.

Nkhupakupa nazo zimakonda makutu. Nkhupakupa yofiirira ya agalu imakhala m'ming'alu ya khola ndi ya khoma, ndipo imakamatirira m'mapindiko a khutu momwe galu sangafike ndi mano. Njere za udzu zimavuta kwambiri mvula ikangosiya, kuyambira Epulo mpaka Juni, makamaka kwa agalu amene amathamanga m'minda ndi m'tchire la m'mphepete mwa mapiri monga Michiru, Soche ndi Ndirande. Chizindikiro chake n'chakuti galu anali bwinobwino m'mawa, wabwerako koyenda akupukusa mutu mwamphamvu, khutu limodzi lokha. Palinso zotupa zomera mkati mwa njira ya khutu, zomwe timaziona kwambiri pa agalu okalamba.

Pali lina lomwe anthu amalisokoneza ndi matenda a m'khutu, ndipo ndi lofala kwambiri m'makomo mwathu muno: zilonda za kunsonga kwa makutu. Zimenezi ndi ntchentche zoluma, zija zimavutitsanso ng'ombe, zomwe zimaswana mu udzu wowola wosakanizika ndi ndowe kapena zitosi za nkhuku. Zimaluma nsonga ya khutu loimirira, kapena popindikira pa khutu logwa, mpaka pamachita nkhanambo zakuda zotuluka magazi. Apa mpomwe ena amapaka oilo wa galimoto, koma oilo wakale ali ndi poizoni amene amalowa pakhungu, ndipo galu amamunyambitanso kumapazi akakanda. Tsukani nsongazo ndi madzi ofunda a mchere pang'ono, pakani Vaseline wochuluka kuti ntchentche zisowe poluma, kapena mafuta othamangitsa ntchentche a ku sitolo ya mankhwala a ziweto, ndipo sesani khola tsiku lililonse. Ngati mafutawo ali ndi permethrin, mphaka asawayandikire, amamupha. M'mphepete mwa khutu mukakhala mokakala, ubweya ukusosoka, galu akukandanso zigongono, ganizirani mphere.

Tsopano za kutupa kuja, chifukwa ndi kumene kukundichititsa kunena kuti mawa lomwe mupite naye. Khutu la galu lili ndi chichereche, kafupa kofewa, pakati, khungu uku ndi uku. Galu akamapukusa mutu mwamphamvu masiku ambiri, timitsempha ta magazi timaphulika ndipo magazi amadzaza m'katimo, khutu n'kufufuma, lofewa ndi lofunda mukaligwira. Si chithupsa ayi, musachiboole ndi singano kapena lezala. Mukaboola magazi amatuluka, mawa lake ladzadzanso, ndipo mwalowetsamo tizilombo. Dokotala amachotsa magaziwo mwaukhondo, nthawi zambiri amang'amba pang'ono n'kusoka khutulo mbali zonse ziwiri kuti khungu limatirirenso, ndipo ulusi umakhala masabata awiri kapena atatu. Mukalisiya, magazi amauma okha pakapita nthawi, koma khutu limakwinyika ngati tsamba la fodya louma, limakhala choncho moyo wake wonse, ndipo nthawi zina limatseka khomo la khutu n'kuwonjezera vuto lomwe linalipo kale.

Kopita kulipo. Mu mzinda muno muli madokotala a ziweto oyima paokha, kuli chipatala cha ziweto cha bungwe loteteza ziweto la BSPCA, komanso a vetenale a boma. Kulikonse komwe mungapite, pemphani zinthu ziwiri. Choyamba, amuone m'khutu ndi chipangizo chounikira chomwe chimafika pokhota paja, kuti aone ngati muli njere, nkhupakupa kapena chotupa, ndiponso ngati ng'oma ya khutu ili yamphumphu. Khutu likakhala lopweteka kwambiri pamafunika jakisoni womugoneka, musakane, kumugwira mokakamiza anthu anayi kumangomuphunzitsa kuluma. Chachiwiri, atengeko zotulukazo pang'ono aziike pa kagalasi aone pa maikulosikopu. Maso ndi mphuno zimangotipatsa poyambira: zofiirira zamafutamafuta zonunkha ngati thobwa losasa nthawi zambiri ndi fangasi, mafinya achikasu kapena obiriwira a fungo la chowola amatiganiziritsa bakiteriya wovuta wotchedwa Pseudomonas, amene amachita zilonda m'khutu ndipo samva mankhwala ambiri. Koma ndanamizidwapo ndi maso kangapo. Kagalasi kaja ndi komwe kamanena zoona, ndipo sikatenga nthawi.

Za ng'oma ya khutu ndikuzibwereza dala. Mankhwala ambiri odontheza m'khutu, a anthu ndi a ziweto omwe, ali ndi gentamicin kapena neomycin. Ng'oma ikakhala yabwino amagwira ntchito yake popanda vuto. Ikakhala yobooka, ndipo pa khutu lomwe ladwala nthawi yaitali zimenezi zimachitika kawirikawiri, mankhwalawo amadutsa n'kukawononga za mkati, galu n'kugontha kapena kuyamba kudzandira. Ndiye ngati mankhwala enieni angachite zimenezi, nanga palafini, sipiriti, Jik kapena dibi wa ng'ombe? Galu wolondera pakhomo chuma chake ndi makutu. Iye ndi amene amamva phazi kuseri kwa mpanda inu muli m'tulo.

Mankhwala omwe mungapatsidwe nthawi zambiri amakhala atatu m'botolo limodzi: opha fangasi monga miconazole kapena clotrimazole, opha mabakiteriya, ndi ochepetsa kutupa ndi kuyabwa. Ochepetsa kutupawa musawaderere, ndi amene amatsegula njira kuti enawo afike pansi. Khutu likatsekeka kwambiri, dokotala akhoza kuwonjezera mapiritsi a prednisolone kwa masiku ochepa. Kawirikawiri mankhwala amathiridwa masiku 7 mpaka 14, pomwe Pseudomonas kapena matenda omwe alowa kuseri kwa ng'oma amatenga masabata angapo. Fungo limatha pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, ndipo apa mpomwe ambiri amagwera, amasunga botolo kuti lidzathandize ulendo wina. Tizilombo totsalato ndi tolimba tija, ndipo tikaswana ulendo wotsatira mankhwala omwewo sagwiranso. Malizani masiku onse, ndipo mubwerere naye akamuonenso ngakhale akuoneka kuti wachira. Ulendo wobwererawu ndi umene anthu amaudumpha poopa ndalama, koma ndi wotchipa kuposa kuyambiranso kachinayi. Khutu lomwe ladwala zaka zambiri njira yake imakhuthala mpaka kuuma ngati fupa, ndipo pamenepo chotsala ndi opaleshoni yochotsa njira yonseyo.

Kathiridwe kake n'kofunika ngati mankhwalawo. Mankhwala othiridwa pamwamba pa mafinya ndi phula safika pakhungu, ndiye akakupatsani madzi otsukira m'khutu, muyambe ndi amenewo. Sankhani panja, nthawi yomwe galu ali wodekha. Kwezani khutu m'mwamba ndi dzanja limodzi kuti njira iwongoke, thirani madziwo mpaka adzaze, kenako gwirani patsinde pa khutu, pansi pa khomo pomwe mukumva kachubu kolimbirako, n'kumafinya pang'onopang'ono kwa theka la mphindi. Mumva kaphokoso ka tchapu tchapu, ndiye kuti afika. Musiyeni apukuse mutu, zakuda zija zituluka zokha, inu mungopukuta ndi thonje pofika chala chanu basi. Timitengo ta thonje kunsonga tija, nthenga ya nkhuku kapena kamtengo ka machesi musalowetse, zimakankhira litsiro pansi ngati mukutsendera fodya m'kaliwo, ndipo galu akadzidzimuka mukhoza kuboola ng'oma. Dikirani khutu liumeko, kenako donthezani mankhwala monga mwauzidwira, mufinyenso patsinde paja. Mukatha mupatseni kabonya kapena kanthu kena komwe amakonda, kuti mawa asathawe akaona botolo.

Galu womva ululu amaluma ngakhale mbuye wake. Mumangeni kukamwa ndi kansalu kapena bandeji kwa mphindi zochepa zomwe mukugwira ntchitoyo, ndipo ana asakhale pafupi. Onaninso khadi lake la katemera wa chiwewe. Kuyambira 2015 bungwe la Mission Rabies lakhala likupereka katemerayu kwa agalu mu Blantyre muno, ndipo galu wa pakhomo sayenera kuphonya. Wina akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Gulupu kapena chapafupi ndi kwanu.

Musamupatse mankhwala anu a ululu. Brufen, Indocid ndi diclofenac amaboola chifu cha galu ndi kuwononga impso zake. Panado naye pa mlingo wolakwika amawononga chiwindi, ndipo mphaka amamupha ndithu. Jakisoni wa ivermectin wa ng'ombe amene ena amabaya agalu mongoyerekeza wapha agalu ambiri, makamaka ana ndi a mtundu wa Collie.

Mukaona mutu wapendekeka mbali imodzi osawongoka, akuyenda mozungulira kapena kugwa, maso akuvinavina, mlomo wa mbali imodzi wagwa, diso silikuphethira, kapena akulira potsegula kukamwa, ndiye kuti matenda adutsa ng'oma. Pamenepo musadikire kuti kuche bwino kapena malipiro abwere. Ndipo galu wosalandira katemera akasintha khalidwe mwadzidzidzi, akuchucha dovu, akulephera kumeza, musamugwire kumutu poganiza kuti ndi khutu, chikhoza kukhala chiwewe, mutsekereni muitane a vetenale.

Bruno akachira, ntchito yotsala ndi yaing'ono koma ya sabata ndi sabata. Sankhani tsiku limodzi, kaya Loweruka, mukweze makutu onse awiri, muone, mununkhize. Khutu labwino limakhala lotuwirako mofiirira pang'ono, louma, lopanda fungo, ndipo lotere musalivute ndi kutsukatsuka kapena kuzula ubweya. Koma kwa galu ngati wanuyu, amene khutu lake ladwala katatu, kutsuka ndi madzi otsukira aja kamodzi pa sabata m'dzinja, ndi kamodzi pa masabata awiri nyengo zina, kumathandiza kwambiri. Musaiwale chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, chija chimanyowetsa chilichonse popanda mvula yeniyeni. Pomusambitsa kapena pomudibitsa ikani thonje pakhomo pa khutu, madzi asathiridwe pamutu, kumutuko muzingopukuta ndi nsalu yonyowa, ndipo mukatha chotsani thonjelo. Akanyowa ndi mvula kapena akasambira mumtsinje, pukutani makutu. Khola likhale lofolera bwino, pogona pakhale pokwera ndi pouma, thumba logonapo muziliyanika padzuwa. Galu womangidwa pa tcheni pamtetete, mvula yake dzuwa lake, ntchentche zake, makutu ake sangapole ngakhale mutagula mankhwala odula bwanji.

Nthata ndi nkhupakupa muzithane nazo chaka chonse. Pali mapiritsi otafuna monga NexGard, wa mwezi uliwonse, ndi Bravecto, amene amagwira masabata 12, ndipo onsewa amaphanso tinthata ta m'khutu ndi ta mphere. Ndi okwera mtengo, ndikuvomereza, ndiye ngati thumba silikulola, dibi wa agalu wosungunulidwa pa mlingo wake ndi kupopera ming'alu ya khola n'zabwino kuposa kungokhala. Ngati dokotala apeza kuti gwero ndi ziwengo, akuuzani zoona kuti zimenezi sizitheratu, zimangosamalidwa, ndipo mwina Bruno azifunika mankhwala ochepetsa kuyabwa mvula ikamayandikira chaka chilichonse. Agalu ambiri otere amakhala bwinobwino mpaka kukalamba, makutu ali oyera.

Usiku uno musathire kanthu m'khutumo, ndipo mawa m'mawa musalitsuke, dokotala akufuna kuona zotulukazo mmene zilili. Mugoneke pouma, muwenge zikhadabo za kumapazi akumbuyo ngati zatalika kuti asadzing'ambe pokanda. Popita mutenge mabotolo awiri a ku famase aja ngakhale atatha, khadi la katemera, ndipo mulembe pa kapepala miyezi yomwe anadwala maulendo onse atatu ndi zonse zomwe amadya, mpaka zomwe ana amamuponyera.